Nkhondo Yopanda Mwazi

Ana a kuno ku Shimabala akamakwapulana ndi mapesi chimanga chitakololedwa, kufikira phesi la wina litathyoka, akuluakulu amawakalipira. Komatu ku Seattle, m'dziko la America, anthu a ndevu zawo anakhazikitsa m'chaka cha 2007 bungwe lomenyana ndi mipope ya makatoni, ndipo amene mpope wake wathyoka ndiye wagonja. Ife tisazizwe nazo, pakuti nzeru yosandutsa nkhondo kukhala masewero makolo athu anaipeza kale, ndipo anaigula ndi mtengo wowawa.

Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, kazembe wa Ajeremani von Lettow-Vorbeck atatula zida ku Abercorn, kumene lero timati Mbala, asilikali ndi amtengatenga amene anapulumuka ku chipolopolo, njala ndi nthenda anabwerera kwawo atanyamula gule wa beni, wobadwira m'mizinda ya Aswahili monga Lamu ndi Mombasa. Ayao anasunga dzinalo, Atonga a ku Nkhata Bay anati malipenga, Achewa ndi Atumbuka anati mganda. Gulu lililonse linkatchedwa boma, lokhala ndi mfumu yake, akapitawo ndi dokotala. Ndipo anyamata, atavala akabudula oyera ositidwa bwino ndi masokosi ofika m'mawondo, ankaguba m'mizere akuliza mabadza, ndiwo malipenga a mphonda omata nembanemba ya kangaude pabowo. Mudzi unkaitana mudzi unzake kuti adzayesane pabwalo, ndipo wopambana sanali wamphamvu ayi, koma waukhondo ndi wa mapazi ogwirizana. Amuna amene anakwirira anzawo m'mbali mwa njira ankadziwa kuposa ife tonse kuti nkhondo siimanga mudzi, ndipo ine ndimawalemekeza chifukwa anatenga ulemerero wa usilikali nasiya mfuti.

Kumigodi guleyu anasanduka kalela. J. Clyde Mitchell, amene buku lake la guleyu linatuluka mu 1956, anaona Abisa a ku Luanshya akuvina Lamulungu masana, ng'oma zawo zili migolo ya mafuta yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, dokotala wawo atavala mwinjiro woyera wa mtanda wofiira, nyimbo zawo zikunyogodola mitundu ina poyera. Iye anaonanso kuti mitundu imene inalasana kale ndi mikondo ndiyo imene inayamba kusereulana m'tauni. Ndipo kufikira lero Angoni ndi Abemba akakumana pamaliro amapakana ufa, nakumbirana manda, m'dzina la chimbuya.