Makina "ophunzitsa ubongo": anachokera kuti, nanga amachizadi?



Sabata yatha mayi wina anandilembera ku inbox. Mwana wake wa zaka 9 sakhazikika m'kalasi, aphunzitsi atopa naye, ndipo wabwereza Sitandade 2. Mlamu wake amene ali ku Joni wamuuza kuti kumeneko kuli malo amene amamata timawaya pamutu pa mwana n'kumuonetsa masewera pa kompyuta, akuti ubongo umaphunzira kukhazikika popanda mankhwala. Banja likuganiza zogulitsa ng'ombe kuti mwanayo apite. Funso lake linali lalifupi: "Anesi, kodi zimenezi n'zoona?"

Njira imeneyi dzina lake ndi neurofeedback. Ilipodi, ndipo sinayambe dzulo. Yankho la funso la mayiyu lili m'mbiri yake, choncho khalani pansi tiyambire kumayambiriro.

Ubongo wanu umagwira ntchito ndi timagetsi tochepa kwambiri. Munthu woyamba kuonetsa zimenezi anali dokotala wa ku Liverpool, ku England, dzina lake Richard Caton. Mu 1875 iye anayeza timagetsi timeneti pa ubongo wa akalulu ndi anyani. Anthu sanazilabadire kwenikweni.

Amene anaziyeza pa munthu ndi Hans Berger, dokotala wa matenda a maganizo wa mumzinda wa Jena ku Germany, ndipo chimene chinamuyambitsa n'chodabwitsa. Ali mnyamata ku usilikali, anagwa pa hatchi kutsogolo kwa ngolo yokoka mfuti yaikulu, ndipo anapulumuka mwamwayi. Tsiku lomwelo mlongo wake, ali kutali, anagwidwa ndi mantha mpaka anakakamiza bambo awo kutumiza telegalamu yofunsa ngati mnyamatayo ali bwino. Berger anakhulupirira kuti maganizo ake anauluka n'kukafika kwa mlongo wakeyo. Anatha zaka zambiri akufunafuna mphamvu imene inanyamula uthengawo. Sanaipeze. Koma mu 1924 anakwanitsa kujambula timagetsi ta ubongo wa munthu, ndipo atayeza anthu ambiri, kuphatikizapo mwana wake Klaus, anafalitsa zimene anapeza mu 1929. Umu ndi mmene chinabadwira chipangizo chimene lero timachitcha EEG.

Berger anaona kuti munthu akatseka maso n'kukhala phee, mizere ya papepala imakwera ndi kutsika ngati mafunde a panyanja, pafupifupi ka 10 pa sekondi imodzi. Akatsegula maso kapena akayamba kuwerengetsa masamu m'mutu, mafundewo amazimiririka. Mafunde amenewa ndi amene amatchedwa alpha. Anzake ambiri anamukayikira, mpaka mu 1934 pamene Edgar Adrian ndi Bryan Matthews a ku Cambridge anabwereza ntchitoyo n'kupeza zomwezo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa EEG si nkhani ya kunja kokha. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chipangizochi chathandiza madokotala kuona zimene zikuchitika mu ubongo wa ana okomoka ndi malungo aakulu. Kafukufuku wa kumeneko amene anafalitsidwa mu 2010 anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo, ndipo 12 mwa iwo anadzayamba khunyu. Enanso anasintha khalidwe, kukhala aukali ndi osakhazikika. Choncho EEG yoyezera ndi chida chenicheni cha chipatala. Nkhani yathu ikukhudza funso lina: kodi chida choyezera chingasanduke chochizira?

Amene anayamba kuganiza motero ndi Joe Kamiya, katswiri wa za maganizo wa pa yunivesite ya Chicago ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Iye ankamata timawaya pamutu pa munthu, n'kumaliza belu nthawi ndi nthawi, n'kumufunsa kuti anene ngati pa nthawiyo ubongo wake ukutulutsa alpha kapena ayi. Akayankha, ankamuuza ngati walondola. Patapita masiku, ena anayamba kulondola kawirikawiri, ndipo ena anaphunzira kuchulukitsa mafundewo akamva kulira kwa makina. Maziko a neurofeedback ndi amenewa: makina amamvetsera ubongo, ndipo ukachita zimene akufuna, amakupatsa mphoto, kaya ndi kaphokoso kokoma kapena chithunzi choyenda pa sikirini. Dziwani kuti makinawa salowetsa magetsi m'mutu. Amangowerenga basi.

Nkhani ya Kamiya italembedwa m'magazini ya Psychology Today mu 1968, anthu a ku America anatengeka nayo kwambiri. Timakina ta alpha tinayamba kugulitsidwa, amalonda akulonjeza mtendere wa mumtima, tulo tabwino ndi kutha kwa nkhawa. Posakhalitsa akatswiri ena anayamba kufufuza mofatsa. Mu 1973 David Paskewitz ndi Martin Orne anaonetsa kuti kuchuluka kwa alpha kumadalira kwambiri kuwala kwa m'chipinda ndi zimene maso akuchita, ndipo kuti ophunzitsidwawo sankaposa alpha amene munthu amatulutsa akangotseka maso n'kupuma. Ena anapeza kuti anthu ankamva mtendere makamaka chifukwa anauzidwiratu kuti amva mtendere. Malonda aja anazilala, ndipo mbiri ya njirayi inaipa kwa zaka zambiri.

Koma pa nthawi yomweyo ku Los Angeles kunkachitika zina, ndipo gawo ili ndi limene ine limandigwira mtima. Barry Sterman ankafufuza za tulo pogwiritsa ntchito amphaka. Anaona kuti mphaka akakhala chete, osagwedezeka koma ali tcheru, monga amachitira akamadikira khoswe pa una, mbali ya ubongo yoyendetsa thupi imatulutsa mafunde ake, ka 12 mpaka 15 pa sekondi. Anakonza makina oti mafundewo akangotuluka, mphaka azilandira mkaka wosakaniza ndi msuzi wa nkhuku. Amphakawo anaphunzira. Ankakhala duu, mafunde n'kutuluka, mkaka n'kubwera.

Kenako Sterman anapatsidwa ntchito ina yosakhudzana ndi imeneyi: kufufuza poizoni wa m'mafuta oyendetsera maroketi, amene ankadwalitsa ogwira ntchito ndipo amagwetsa munthu ngati wa khunyu. Anabaya mankhwalawo amphaka 50. Ambiri anayamba kuphupha patangotha pafupifupi ola limodzi. Koma kagulu kena kanachedwa kwambiri, ndipo ena ochepa sanaphuphe n'komwe. Atayang'ana m'mabuku ake, anapeza kuti amenewa ndi amphaka khumi aja amene anawaphunzitsa ndi mkaka. Sanazikonze, zinangochitika.

Mu 1972 Sterman analemba za mayi wina wachitsikana wodwala khunyu amene anaphunzitsidwa motero ndipo kugwa kwake kunachepa kwambiri. Kuchokera apo njirayi inafalikira ku matenda ena. Mu 1976 Joel Lubar wa pa yunivesite ya Tennessee anaiyesa pa mnyamata mmodzi wosakhazikika, vuto limene lero timalitcha ADHD. Ataphunzitsidwa, mnyamatayo anadekha, atatembenuza maphunzirowo, anabwerera mwakale, atawabwezeretsa, anadekhanso. Mu 1989 Eugene Peniston ndi Paul Kulkosky anaiyesa ku Colorado pa asilikali akale amene anali akapolo a mowa, kenako pa amene ankavutika ndi zikumbutso zoopsa za nkhondo ya ku Vietnam, ndipo analemba zotsatira zosangalatsa. Mukawerenga zotsatsa za neurofeedback lero, mayina amenewa ndi amene amatchulidwa.

Tsono taonani chimene chinali chofanana pa ntchito zonsezi. Anthu oyesedwa anali ochepa, pena mmodzi, pena khumi. Ndipo odwala, makolo ndi ofufuza onse ankadziwa amene akulandira chithandizo chatsopanocho. Inu amayi mukudziwa mmene zimakhalira. Mwana akamapita kawiri kapena katatu pa sabata kwa munthu wachikondi amene amakhala naye mphindi 40, kumuyamikira akakhala chete, ndipo kunyumba makolo ali ndi chiyembekezo chifukwa alipira ndalama zambiri, mwanayo amasintha ndithu. Funso n'lakuti: chamusintha ndi makina, kapena ndi zina zonsezi?

Njira yodziwira ilipo. Mumagawa odwala pawiri mwa maere. Onse amavala timawaya, onse amakhala pa mpando womwewo, onse amaona masewera omwewo. Koma gulu lina makina akuwerengadi ubongo wawo, pamene gulu linalo mphoto zikubwera motsatira mafunde ojambulidwa kale. Mwana sadziwa gulu lake, kholo silidziwa, ngakhale wophunzitsayo sadziwa. Zinatenga zaka zoposa 30 kuchokera pa ntchito ya Lubar kuti kafukufuku wotere ayambe kuchitika mokwanira, ndipo ine ndimaona kuti kuchedwa kumeneku kunawonongetsa ndalama za mabanja ambiri.

Mu 2017 ku Tübingen, ku Germany, anayesa akuluakulu 118 a ADHD. Amene analandira neurofeedback yeniyeni anapeza bwino. Amene analandira yabodza anapezanso bwino chimodzimodzi, ndipo amene anangolandira uphungu wa pagulu nawonso sanatsalire. Chaka chomwecho ku Salzburg, ku Austria, anayesa anthu osowa tulo: yeniyeni ndi yabodza sizinasiyane. Mu 2021 kunatuluka kafukufuku wa ku America wa ana 144 a zaka 7 mpaka 10, amene anakonzedwa pamodzi ndi akatswiri okhulupirira njirayi ndi ena oikayikira, kuti pasadzakhale wodandaula. Mwana aliyense anayenera kupita maulendo 38. Magulu onse awiri anasintha bwino ndithu pa nkhani ya kumvetsera, koma panalibe kusiyana pakati pawo. Kuti ndinene mwachilungamo, patatha chaka ana a gulu lenileni ankafuna mankhwala ochepa poyerekeza ndi anzawo, ndipo okhulupirira njirayi amagwira pamenepo. Koma chakumapeto kwa 2024 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku 38 wa anthu oposa 2,400, n'kupeza kuti munthu woona zotsatira akakhala wosadziwa gulu la wodwala, phindu la neurofeedback pa ADHD silioneka kwenikweni.

Pali kanthu kena m'kafukufuku wa ana 144 uja kamene sikatchulidwa kawirikawiri. Mabanja onse, a magulu onse awiri, ankalangizidwanso za tulo ndi kadyedwe ka mwana. Ana onse ankaphunzira kukhala pansi ndi kuyamikiridwa akalimbikira. Zimenezi sizifuna pasipoti.

Pa khunyu, pamene nkhaniyi inayambira, kafukufuku alipo woonetsa kuti ena kugwa kumachepa, koma ndi wa anthu ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ankamwabe mankhwala awo. Pa kuvutika maganizo, nkhawa ndi zikumbutso zoopsa, akatswiri akufufuzabe, ena ndi makina atsopano ojambula ubongo mkati. Mwina m'tsogolo adzapeza gulu la odwala amene imawathandizadi. Lero, palibe dokotala woona amene angakuuzeni kuti musiye mankhwala chifukwa cha makinawa.

Pamenepa ndi pamene ndikuopa kwambiri. Makinawo paokha savulaza. Ena amangomva kutopa kapena mutu. Choopsa ndi mawu akuti "popanda mankhwala". Munthu wa khunyu akasiya mwadzidzidzi phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate, akhoza kugwa mosalekeza osatsitsimuka, ndipo zimenezi zimapha. Bungwe la WHO limati anthu 7 mwa 10 alionse a khunyu angathe kukhala osagwa ngati apezeka bwino ndi kumwa mankhwala moyenera. Munthu wodwala misala akasiya mankhwala, matenda amabwerera, nthawi zambiri mwamphamvu kuposa poyamba. Wina akakutsatsani makina alionse a ubongo, kaya ku Joni, kaya m'tauni mwathu muno, mufunseni ngati anayesedwa poyerekeza ndi makina abodza pa matenda enieni amene m'bale wanu akudwala, ndipo mufunseni mtengo wa maulendo onse, chifukwa amakhala 30 kapena 40, osati umodzi.

Mayi uja ndinamuyankha kuti ng'ombe ayambe waisiya m'khola. Mwana wosakhazikika m'kalasi tiyenera kumuona kaye zinthu zapafupi. Kodi amamva bwino, kapena khutu limatuluka mafinya? Kodi amaona pa bolodi? Amapita ku sukulu atadya? Amagona nthawi yanji? Magazi ndi okwanira? Anadwalapo malungo okomoka nawo ali wamng'ono? Palinso mtundu wa khunyu umene mwana sagwa pansi, amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali gwa, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mwana wotere amatchedwa wamwano kapena wopusa, chonsecho akudwala matenda ochizika, ndipo apa ndi pamene EEG ya Berger imagwira ntchito yake yeniyeni.

Zipatala za boma za m'maboma zili ndi anamwino kapena makiliniko ofesa ophunzira za matenda a maganizo, ndipo iwo amatha kutumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ngati pakufunika. Mayiyu wati apita ndi mwanayo ku chipatala cha boma sabata ino. Ndamuuza atenge buku la kuchipatala la mwanayo, apemphe aphunzitsi alembe zimene amaona m'kalasi, ndipo apite ndi agogo ake, chifukwa ndi amene anamusamalira pamene anadwala malungo ali ndi zaka zitatu.