Kulephera kwa DNS

Kulephera kwa DNS ndi vuto limene limachitika pulogalamu ya pa kompyuta kapena pa foni ikakanika kupeza nambala ya IP ya seva imene ikufuna. DNS, imene Paul Mockapetris anayambitsa mu 1983, ndiyo imasandutsa mayina ngati mra.mw kukhala manambala. Ikasokonezeka, pulogalamu imaima ngakhale netiweki ili bwinobwino, ndipo Chrome imatha kulemba uthenga wakuti DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN.

M'boma la Karonga vutoli si laling'ono. Pachipata cha Songwe, m'malire ndi Tanzania, katundu amalembetsedwa kudzera pa ASYCUDA World, choncho kompyuta ikapanda kupeza seva, magalimoto amangodikira.

Pofufuza vutoli, katswiri amayamba ndi lamulo la ping 8.8.8.8. Nambalayo ikayankha koma dzina n'kukhala chete, ndiye kuti vuto lili pa DNS, osati pa chingwe kapena bandulo. Kenako amayesa nslookup, amafufuta mayankho akale ndi ipconfig /flushdns pa Windows, kapena amaikapo seva ina ya DNS monga 1.1.1.1. Nthawi zina cholakwika chimakhala kwa eni dzinawo, monga pa 4 Okutobala 2021 pamene Facebook ndi WhatsApp zinazima pafupifupi maola 6.