Nkhalamba za ku Evington ndi mudzi umene boma linkaganiza kuti ulipo kale

Mu msewu wa Gwendolen Road, m'dera la Evington kum'mawa kwa mzinda wa Leicester, muli chipatala cha Leicester General. Chinatsegulidwa mu 1905 ngati chipatala cha amphawi, ndipo ambiri amene ankagonekedwamo anali okalamba omwe mphamvu zawo zinathera m'mafakitale a nsapato ndi masokosi. Chisanamangidwe, anthu otere ankatsekeredwa m'nyumba ya osauka ya ku Swain Street, komwe mwamuna ndi mkazi wake, ngakhale atakhala m'banja zaka makumi anayi, kawirikawiri ankagonekedwa mbali zosiyana. Amene mutu unayamba kusokonezeka ankamupititsa ku Humberstone, kuchipatala cha amisala chimene chinatsegulidwa mu 1869 ndipo pambuyo pake chinatchedwa The Towers. Ndikuona kuti dziko la England linachita bwino kutulutsa okalamba m'mipanda imeneyi, koma linalakwa poganiza kuti kunja kwake kuli mudzi wowadikira.

Mipandayo inagwa pang'onopang'ono. Mu 1909 boma linayamba kupereka penshoni ya mashiling'i 5 pa sabata kwa osauka a zaka 70 kupita m'tsogolo, ndipo kandalama ako kanathandiza ambiri kukhalabe m'nyumba zawo. Mu 1948 chipatala cha ku Evington chinalowa m'bungwe la zaumoyo la boma la NHS n'kukhala chaulere kwa aliyense. Mu 1961 nduna ya zaumoyo, Enoch Powell, inalengeza kuti zipatala zikuluzikulu za amisala ziyenera kutsekedwa, lamulo la 1990 linapatsa makhonsolo udindo wokonza chisamaliro cha kunyumba, ndipo The Towers inatsekedwa mu 2013. Lero pamalo a Leicester General pali Evington Centre, komwe okalamba odwala maganizo amagonekedwa kwa kanthawi kuti abwerere kwawo. Ena amati kale kunali bwino, chifukwa nkhalamba inali ndi bedi, chakudya ndi namwino usiku wonse. Zimenezo n'zoona, ndipo sindizipeputsa. Koma wofufuza Peter Townsend atayendera nyumba zosungira okalamba n'kulemba buku la The Last Refuge mu 1962, anapeza anthu olandidwa ufulu wosankha ngakhale zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, ongokhala duu opanda wocheza naye. Munthu akhoza kukhuta, mtima uli ndi njala.

Pamene mipanda inkagwa, Evington nayo inkasintha nkhope. Mu 1972 Idi Amin anathamangitsa Amwenye ku Uganda, ndipo ngakhale khonsolo ya Leicester inaika chidziwitso mu nyuzipepala ya Uganda Argus chowauza kuti asabwere, anabwera ambirimbiri. M'zaka zomwezo boma la Kamuzu Banda linachotsa Amwenye m'masitolo a kumidzi n'kuwakankhira m'mizinda, ndipo mabanja ambiri a ku Malawi anakakhazikika ku Leicester komweko. Amene anafika ali anyamata ndi atsikana lero ndi agogo, ndipo ena Chichewa cha pasitolo sanachiiwale. Apa ndi pamene panabadwira bodza lokoma lakuti anthu amenewa amasamala okha makolo awo, choncho boma lisavutike nawo. Wina anganene kuti silibodza, popeza mabanja a mibadwo itatu pakhomo limodzi alipodi. Alipo, koma tiyang'ane m'nyumbamo. Nyumba zambiri za ku North Evington, dera limene katswiri wa zomangamanga Arthur Wakerley anamangira antchito a m'mafakitale, n'zogundanagundana, za masitepe opapatiza amene gogo wa nyamakazi sangatsike yekha. Ana ali kuntchito, adzukulu amayankha m'Chingerezi, ndipo mu Disembala kunja kumada 4 koloko madzulo. Katundu yense amagwera mkazi mmodzi, mwana kapena mpongozi, amene nayenso amatopa mpaka kudwala. Matenda oiwalaiwala a dementia nthawi zambiri amafufuta chinenero chimene munthu anaphunzira atakula, moti gogo amene ankalankhula Chingerezi bwinobwino amabwerera ku Chigujarati cha ubwana wake, namwino wobwera pakhomo osamva kanthu. Manyazi nawo amachedwetsa kupita kwa dokotala, poopa kuti anthu anena kuti m'banjamo muli misala. Chikondi cha ana chilipo, koma pachokha sichiyeza matenda kapena kupumitsa wosamalira.

Chimene chinkagwiriziza okalambawa chinaoneka bwino pamene chinachotsedwa. Kumapeto kwa Juni 2020, Leicester unakhala mzinda woyamba ku Britain kutsekeredwa paokha chifukwa cha Covid-19, madera ena akumasulidwa. Kwa miyezi yambiri kusonkhana kumzikiti, kukachisi wa Ahindu, wa Asikh ndi kutchalitchi cha St Denys kunali koletsedwa kapena kochepetsedwa kwambiri, magulu odyera limodzi nkhomaliro anaima, ndipo agogo amene sabata yawo inkayenda ndi pemphero la Lachisanu anatsala ndi zipupa zinayi ndi foni imene ambiri sankaidziwa bwino. Malo onsewa sanamere okha ngati bowa. Mizikiti ndi makachisi anamangidwa ndi zopereka za anthu obwera amene ankagwira mashifiti ausiku. Evington Park, komwe okalamba amayenda m'mawa n'kukhala pamabenchi, inali malo a banja lolemera mpaka khonsolo itawagula mu 1947. Kuyambira 2010 ndalama zimene boma limapereka kumakhonsolo zadulidwa kwambiri, ndipo m'madera ambiri a ku England zoyamba kukhudzidwa zakhala zomwezi: malo ochezera masana, malaibulale ndi mabasi. Mu 2018 Britain inasankha nduna yoona za kusungulumwa, Tracey Crouch, patadutsa zaka 57 chilankhulire Powell zotseka zipatala zija.