Mbiri ya Ngolo Yonyamula Thirakitala

Munthu amene waona kwa nthawi yoyamba thirakitala itakwera pa ngolo, yomangidwa ndi maunyolo, lole ikuikoka pamsewu, amadabwa. Thirakitala ndiyo ng'ombe ya masiku ano, ndipo ng'ombe ntchito yake ndi kukoka. Nanga zinatheka bwanji kuti wokoka asanduke wonyamulidwa? Yankho lake lili m'mbiri ya zaka zoposa zana limodzi, ndipo mbiriyo ili ndi phunziro kwa aliyense amene akulingalira zogula ngolo yake yoyamba yonyamulira thirakitala.

Nkhaniyi iyambira mu mzinda wa Cleveland, m'dziko la America. Kumeneko Alexander Winton, mbadwa ya ku Scotland, anayamba kugulitsa magalimoto m'chaka cha 1898. Ogula ena anali kutali, ndipo kuyendetsa galimoto yatsopano mtunda wonsewo m'misewu yamatope kunali kuikalambitsa mwini wake asanaikwere. Tsono Winton anakonza kangolo ka magudumu awiri, nakhazika mutu wake pamsana pa galimoto ina. Galimoto yatsopano inkakwera pa kangoloko ndi kukafika kwa mwini wake isanaponde dothi. Motero kuyambira pachiyambi, ngolo zotere zinabadwa chifukwa cha kusamala makina a mtengo wapatali.

Koma amene anaisandutsa ngoloyi kukhala malonda aakulu anali wosula zitsulo wa mu mzinda wa Detroit, August Fruehauf, amene ntchito yake inali yopanga ngolo za akavalo. M'chaka cha 1914 kunafika kwa iye wogulitsa matabwa, Frederic Sibley. Mkuluyu anali ndi boti limene ankafuna kupita nalo kunyanja, koma pa ngolo ya akavalo ulendowo ukanatenga masiku. Anali ndi galimoto yaing'ono ya Ford Model T, imene sikanatha kusenza botilo. Fruehauf ndi mmisiri mnzake, Otto Neumann, anakonzanso kumbuyo kwa galimotoyo nalumikizako ngolo ya magudumu awiri. Boti linafika. Sibley ataona zimenezi anaitanitsa ngolo zina zonyamulira matabwa, amalonda ena namutsanzira, ndipo m'chaka cha 1918 kampani ya Fruehauf Trailer Company inakhazikitsidwa.

Nzeru imene Fruehauf anagulitsa inali yakale. Kavalo amakoka katundu woposa amene angasenze pamsana, ndipo galimoto nayo ndi chimodzimodzi. Mlimi aliyense amaidziwa nzeruyi: thumba limodzi la chimanga limapinda khosi la munthu, koma ng'ombe ziwiri zimayenda ndi matumba angapo pa ngolo popanda kudandaula, chifukwa kulemera kwambiri kwagwera pa magudumu.

Pa nthawi yomweyo thirakitala nayo inali kukula. M'chaka cha 1917 Henry Ford anatulutsa thirakitala ya Fordson, imene inafalikira m'minda yambiri ku America ndi ku Britain. Magudumu ake anali achitsulo, a mano oluma dothi. M'munda manowo anali othandiza, koma pamsewu wa tala ankakumba ndi kuwononga, ndipo woyendetsa ankafika thupi lonse likuwawa. Matayala a mpweya anadza m'chaka cha 1932, pamene kampani ya Allis-Chalmers inawaika pa thirakitala yake ya Model U. Komabe vuto silinathere pomwepo. Thirakitala imayenda pang'onopang'ono, matayala ake okwera mtengo amadyeka msanga pa tala, ndipo ikawonongeka m'munda singadzitengere yokha kwa makaniko. Zoyenda pa malamba achitsulo, monga za kampani ya Caterpillar imene inapangidwa m'chaka cha 1925, pamsewu wa tala siziyenera kupondapo konse. Nchifukwa chake amisiri anayamba kupanga ngolo zofupika msinkhu, kuti makina akwere mosavuta, adutse pansi pa milatho, ndiponso asagubuduke pokhota.

Funso lalikulu m'mbiri yonseyi linali limodzi: kodi kulemera kukhale pati? Amene analiyankha momveka anali Harry Ferguson wa ku Northern Ireland. Thirakitala yake yaing'ono yotuwa, TE20, inayamba kupangidwa ku Coventry m'chaka cha 1946, ndipo pofika 1956 zinali zitapangidwa zoposa 500,000. Inali yopepuka, yolemera pang'ono kuposa tani imodzi. Kuti ikoke katundu wolemera kuposa iyo mwini, Ferguson anaipangira ngolo imene magudumu ake anali kumbuyo kwenikweni. Mwa njira iyi gawo la katundu linkatsamira pa matayala akumbuyo a thirakitala, matayalawo nagwira dothi osaterereka. Kampani ya Ferguson inaphatikizana ndi ya Massey-Harris m'chaka cha 1953, ndipo mathirakitala ofiira a Massey Ferguson anadzakhala odziwika m'maesiteti ndi m'minda ya m'Malaŵi.

Woyendetsa ngolo ya ng'ombe sangadabwe ndi nzeru ya Ferguson. Iye amadziwa kuti akaunjika matumba kumbuyo, goli limakwera m'mwamba ndi kutsamwitsa ng'ombe. Akaunjika kutsogolo, goli limakanikiza makosi mpaka ng'ombe kugwada. Ngolo yokokedwa ndi galimoto imamvera lamulo lomwelo. Akatswiri amalangiza kuti pa ngolo yokolekedwa kumbuyo kwa galimoto, magawo 10 mpaka 15 mwa magawo 100 alionse a kulemera konse atsamire pa cholumikizira. Thirakitala ikaima kumbuyo kwambiri, ngolo imayamba kugwedeza mchira liwiro likakwera, ndipo imatha kukokera galimoto kunja kwa msewu. Ikaima kutsogolo kwambiri, matayala akutsogolo a galimoto amapepukidwa, chiwongolero nichileka kumvera.

Tsono wogula ngolo yake yoyamba ali pamalo pamene Sibley anaima m'chaka cha 1914, ndipo achite monga anachitira iye: ayambe ndi katundu, ngolo ibwere pambuyo. Adziwe kulemera kwa thirakitala yake, osati monga inachokera kufakitale, koma monga iliri lero, ndi pulawo yake, mafuta ake, zitsulo zolemeretsa kutsogolo, ndi madzi amene alimi ena amathira m'matayala. Awerenge chikwangwani chachitsulo cha pa ngolo, ndipo akumbukire kuti nambala yaikulu yolembedwapo kawirikawiri imaphatikiza kulemera kwa ngoloyo. Afunse ngati galimoto yake inapangidwira kukoka zonsezo pamodzi. Aone ngati ngoloyo ili ndi mabuleki akeake, pakuti kukoka nkosavuta koma kuimitsa ndiko kovuta. Potsika chitunda chachitali, katundu wopanda mabuleki amakankha galimoto mpaka mabuleki ake kutentha ndi kusiya kugwira. Ayese mulifupi mwa thirakitala ndi mwa ngolo, aone kulimba kwa zokwerera, ndipo amange makinawo ndi maunyolo kungodya zonse zinayi, osati ndi zingwe zomangira fodya.

Akale anati safunsa anadya phula. Ngolo yotsika mtengo imakopa, makamaka kwa munthu amene ndalama zake zathera pa thirakitala. Koma thirakitala zambiri zimagulidwa pa ngongole, kapena ndi gulu la alimi amene asonkha kwa zaka. Ikagubuduka pamsewu mu Novembala, minda ya mudzi wonse imachedwa kulimidwa, ngongole nitsala ikudikira. Ndipo pamsewupo pamayendanso ana asukulu ndi apanjinga amene alibe mbali m'malondawo.

August Fruehauf anamwalira m'chaka cha 1930. Kampani yake, imene inakula kufikira kukhala ina mwa zazikulu pa ntchitoyi, inagwa ndi ngongole m'chaka cha 1996. Koma ngolo za mtundu umene iye anasulira wogulitsa matabwa uja zikuyendabe usana ndi usiku, kuchokera ku madoko a Beira ndi Nacala, zitanyamula feteleza, mafuta, ndi mathirakitala atsopano. Pa ngolo iliyonse yotere, woyendetsa wanzeru amatsika atayenda pang'ono, nazungulira katundu wake, nakoka unyolo uliwonse ndi dzanja kuti amve ngati ukadali wolimba.