Mtondo, chigayo ndi phala la kusukulu: momwe ana a ku Bwanje aphunzirira za mbewu za njere

Chigwa cha Bwanje, kumunsi kwa mapiri a Dedza komwe kuli Mua, Golomoti ndi Mtakataka, n'chotentha, ndipo mvula yake siidalirika ngati ya kumtunda. Mbewu zakale za njere m'madera otere ndi mapira, mchewere ndi mawere, zomwe zimapirira ng'amba. Chimanga n'chobwera. Chinachokera ku America kudzera mwa Apwitikizi, ndipo chinalanda malo a mapira pang'onopang'ono mpaka kusanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku m'zaka za m'ma 1900. Mpunga unafala m'mbali mwa nyanja m'nthawi ya amalonda a Chiswahili, makamaka ku Nkhotakota kwa Jumbe.

Sukulu zisanabwere, mwana ankaphunzira za mbewuzi pozigwira. Anyamata ankakhala kumunda kuingitsa mbalame mapira akayamba kukhwima. Atsikana ankayamba ndi kamtondo kakang'ono pambali pa mayi wawo, ndipo pa nyengo ya masanje, anthu akakolola, ankakunkha zotsalira m'minda n'kukaphika okha nsima m'timisasa tawo. Pofika pa chinamwali, mtsikana ankayenera kukhala atadziwa kale ufa.

Kudziwa ufa kunkatanthauza kudziwa kuchotsa gaga. Chimanga chikatongoledwa amachiwaza madzi pang'ono n'kuchikonola mumtondo, kenako n'kuchipeta palichero kuti gaga auluke, patsale mphale. Mphaleyo amaiviika mumtsuko masiku angapo mpaka ifewe ndi kuyamba kafungo kowawasa. Akaivuula amaitsuka, kuiyanika pang'ono, kuitibula, kusefa, n'kuyala ufawo pamphasa padzuwa. Misere yotsala m'sefa imabwereranso mumtondo. Ufa wotuluka pamenepo ndi woyera mbee, nsima yake yosalala, ndipo mayi wophika nsima yotere ankalemekezeka pamaso pa apongozi ndi alendo. Gaga ankapita ku nkhuku ndi nkhumba, kapena ku mowa. Mapira ndi mawere anali ndi njira ina: ankawameretsa kukhala chimera cha thobwa ndi mowa, ndipo m'thobwa njereyo imalowa pafupifupi yonse.

Ansembe a White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, sukulu zoyamba za m'deralo zinalimbikira katekisimu, kuwerenga ndi masamu. Nkhani ya zakudya inalowa m'maphunziro mochedwa, kudzera m'phunziro la ukhondo ndi la zapakhomo. Sukulu ya Jeanes ku Domasi, yomwe inatsegulidwa mu 1929, inkaphunzitsa aphunzitsi oyendera midzi pamodzi ndi akazi awo za ukhondo, kaphikidwe ndi kaleredwe ka ana. Mu 1938 ndi 1939 gulu lotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt linayeza zomwe anthu ankadya m'midzi ina ya m'boma la Nkhotakota, kumapiri ndi kunyanja komwe. Lipoti lake linakhala zaka zambiri osasindikizidwa, mpaka 1992, motero silinathandize mwachindunji mphunzitsi wa nthawi imeneyo.

Chomwe chinasintha zinthu kwambiri si buku ayi, ndi chigayo. Chigayo chimatha kugaya chimanga chosakonola n'kutulutsa mgaiwa, ufa womwe uli ndi zonse za m'njere. Koma mgaiwa unalowa m'midzi ndi mbiri yoipa. Unali ufa wa kundende, wa kusukulu zogonera konko, ndi wa banja lomwe nkhokwe yayamba kuoneka pansi, chifukwa kukonola kumachepetsa ufa wotuluka m'thumba. Ambiri anapitiriza kukonola ndi kuviika kunyumba n'kupita kuchigayo ndi mphale yokha. Ngakhale akatswiri a mbewu anagonjera mtondo. Chimanga cha haibulidi choyamba chinali chofewa, chinkaphwanyika pokonola n'kutayika pamodzi ndi gaga, ndipo amayi sanachikonde. N'chifukwa chake mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu zolimbirako zokonoleka ngati chimanga cha makolo. Pa njala ya 2002, mabanja ena anafika podya madeya enieniwo, ndipo zimenezi zinangolimbitsa maganizo oti gaga ndi chakudya cha pamavuto.

M'kalasi, phunziro linkanena zosiyana. Kwa zaka zambiri ana ankaloweza magulu atatu a zakudya: zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda. Pambuyo pake dziko la Malawi linatenga magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta. Mbewu za njere zili m'gulu la zokhutitsa limodzi ndi chinangwa ndi mbatata. Njere ya chimanga ili ndi mbali zitatu, ndipo mwana angazione yekha ataiviika usiku n'kuing'amba ndi chikhadabo. Kunja kuli khungu lopyapyala, mkati muli ufa, ndipo cha kumunsi kuli kamtima komwe mbewu imamerera. M'khungu ndi m'kamtimamo ndi momwe muli mafuta, mavitamini a gulu la B, ayironi, zinki ndi zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Kukonola kumachotsa ziwirizi n'kusiya ufa womwe kwenikweni ndi wopatsa mphamvu.

Komabe phunziro loti mgaiwa ndi wabwino ndipo ufa woyera ndi wachabe n'lofupikitsa nkhani. M'gaga mulinso phytate, yemwe amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi ndi zinki, ndipo kuviika, kuwawasitsa ndi kumeretsa, zomwe agogo ankachita, kumamuchepetsa. Mgaiwa suchedwanso kuwawa ukasungidwa, chifukwa cha mafuta a m'kamtima aja, ndipo kumalo otentha ngati Golomoti imeneyi si nkhani yaing'ono. Chinanso n'chakuti chimanga, chokonola kapena chosakonola, sichipereka mokwanira vitamini ya niacin. Mu 1990 anthu oposa 17,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique omwe ankakhala m'Malawi anadwala pellagra, nthenda yowononga khungu, mtedza utasiya kufika m'chakudya chomwe ankalandira n'kutsala akudalira chimanga. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake salekanitsa nkhani ya ufa ndi nkhani ya ndiwo.

Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, makalasi anadzaza ndi ana, ambiri ochoka kunyumba osalawa kanthu. Mu 1999 bungwe la World Food Programme linayamba kupereka phala m'sukulu, ndipo boma loyamba kuyeserako linali la Dedza. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yofanana mu 2002. Phala lake ndi Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya ndiponso mavitamini, womwe dzina lake linachokera ku mishoni ya Likuni pafupi ndi Lilongwe. Amayi odzipereka amalawirira m'mamawa ndi nkhuni kukatereka miphika ikuluikulu, ndipo ana amafola aliyense ndi kapu yake ya pulasitiki, ena ataimangirira kachingwe m'khosi. Ku sikelo nakonso alangizi a zaumoyo akhala akuuza amayi kuti mwana azimuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Zikuoneka kuti miphika imeneyi yachita zambiri kuposa choko pozoloweretsa ana kudya ufa wosayera, ngakhale kuti pa nsima ya madzulo mabanja ambiri amasankhabe woyera akakhala ndi chimanga chokwanira.

Ku Bwanje nkhaniyi ili ndi mbali ina chifukwa cha mpunga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 dziko la Japan linathandiza kumanga sikimu ya mthirira ya mahekitala 800 yopatutsa madzi mumtsinje wa Namikokwe, m'dera la Mfumu Kachindamoto. Alimi pafupifupi 2,000 amalima m'menemo, ndipo Kilombero ndi umodzi mwa mitundu yomwe imayenda malonda. Ana a m'midzi yozungulira amakulira m'ntchito yowokera, yoingitsa mbalame ndi yomenya mpunga. Njere ya mpunga ilinso ndi mankhusu kunja ndi deya wofiirira pansi pake. Wopuntha mumtondo amasiyako deya wina panjere, pomwe makina opunthira amauchotsa pafupifupi wonse, chifukwa ogula a ku Lilongwe ndi Blantyre amafuna mpunga woyera, wosasweka. Deyayo amagulitsidwa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku.