Dracula Wotembenuzidwa: Anamapopa Anachokera Kuti?

 Lero ndikufuna tikambe za nthano imodzi ya ku Ulaya imene ife kuno tinaitembenuza chadodolido.

Mu 1897 Bram Stoker anatulutsa buku lotchedwa Dracula. Mwini nkhaniyo ndi mfumu yoyamwa magazi yochokera ku Transylvania, dera lakumidzi kum'mawa kwa Ulaya. Iye akwera sitima, atsikira ku Whitby, nkulowa mu London kukasaka magazi a Angerezi. Mantha a bukuli ndi a munthu wolemera: mlendo wochokera kutchire walowa mumzinda wathu. Zomugonjetsera ndi mtanda ndi adyo, ndipo dokotala Van Helsing amayesa kupulumutsa mtsikana Lucy pomuthira magazi a anthu ena.

Tsopano onani kwathu kuno. Woyamwa magazi wathu sachokera kutchire kupita kutauni ayi. Amachokera kutauni kapena kuboma, pagalimoto, kubwera kumudzi. Alibe mano aatali, ali ndi jakisoni. Singano imene m'buku la Stoker inali yopulumutsira moyo, kuno ndiye chida cha mdani. Mtandanso sumuopsa, poti nthawi zina ansembe eniakewo ndiwo ankaganiziridwa.

Nkhaniyi ndi yakale. M'zaka za m'ma 1930, pamene Mchinji ankatchedwa Fort Manning ndipo Chipata anali Fort Jameson, ku Northern Rhodesia kunali mphekesera za banyama, anthu akuda amene akuti azungu ankawatuma kugwira anzawo kuti akawachotse magazi. Wolemba mbiri Luise White anasonkhanitsa nkhani zoterezi m'buku lake Speaking with Vampires la 2000. Ku Thyolo, mphekesera za chifwamba zinakoleza nawo zipolowe za m'maesiteti mu 1953.

Ufulu utabwera, nthanoyi inangosintha malaya. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku ku Blantyre, pa nkhani imene timaitcha ya ku Chilobwe. Anthu ankanong'onezana kuti boma likutumiza magazi ku South Africa pobweza ngongole, pakuti dzikolo linali litatibwereka ndalama zomangira likulu ku Lilongwe. Walla Laini Kawisa anagwidwa mu 1970 ndipo anaweruzidwa kuti aphedwe. Kumapeto kwa 2002, chaka cha njala, kunamveka kuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo. Ansembe atatu achikatolika anamenyedwa, ndipo mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF ku Blantyre, anagendedwa. Mu 2017 zinabukanso ku Mulanje ndi Phalombe, anthu angapo nkuphedwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake.

Nchifukwa chiyani nthano yomweyi imabwerabwera? Ine ndimaona kuti ili ndi mizu m'zinthu zenizeni. Agogo athu anaona msonkho, thangata ndi Wenela zikutenga amuna amphamvu, ena nkubwerako ndi chifuwa, ena osabwerako konse. Anaonanso achipatala akutenga magazi popanda kufotokoza bwino komwe akupita. Munthu akamati "atiyamwa magazi", amakhala akunena za umphawi wake m'chinenero cha thupi. Nchifukwa chake mphekeserazi zimakonda nthawi ya njala ndi ya mikangano ya ndale.

Koma kutembenuza kwachitatu ndiko kowawa. M'buku la Stoker, osaka Dracula ndiwo ngwazi. Kwathu, palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anapezekapo ndi umboni, koma osakawo apha anthu enieni: alendo osadziwa njira, odwala misala, aliyense wonyamula chikwama chosadziwika. Pamapeto pake chilombo chimakhala gulu lonyamula miyala. Ife a m'malire tisamale kwambiri, poti mlendo wodutsa pa Mwami ndi wa tsiku lililonse, ndipo ambiri ndi abale athu.

Palinso china. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu ngati zathuzi. Mphekesera ikalowa, magazi amasowa m'chipatala, ndipo wovutika ndi mayi wapakati ndi mwana wa malungo.

Choncho aphunzitsi anzanga, tisamangowaseka ana akafunsa za anamapopa. Tiwaphunzitse 1953, 1970, 2002 ndi 2017 motsatana, kenako tiwafunse: chaka chimenecho anthu ankaopa chiyani, ndipo anafa ndani? Mwana amene wayankha mafunso awiriwa sangafulumire kutola mwala.