Mwini Ndodo ndi Wezulo: Mbiri ya Mtsogoleri wa Mganda

Ku maiko a ku Ulaya kuli magulu aakulu a anthu oliza zoimbira, dzina lace okesitira. Gulu limodzi likhoza kukhala ndi anthu 80 kapena 100: ena a zingwe, ena a zitoliro, ena a malipenga, ena a ng'oma. Patsogolo pao pamaima munthu mmodzi wosaliza kanthu konse, wogwira kandodo m'dzanja lace, ndipo onsewo ayang'ana kwa iye. Ophunzira athu akamva za munthu ameneyu amayesa kuti nchito yotere kwathu kuno kulibe. Ilipo ndithu, wofuna kuiona apite ku midzi ya ku Mitundu kapena ku Nathenje m'cilimwe, anthu atatha kukolola, akaone Mganda.

Tiyambe ndi ndodoyo. Kale ku Ulaya mtsogoleri ankagunda pansi ndi cindodo cacitali kuti onse aimbire pamodzi. Jean-Baptiste Lully, mkulu wa zoimba wa mfumu Louis XIV ya ku France, anadzigunda naco kuphazi mu January 1687. Bala linavunda, iye anakana kumdula, namwalira mu March caka comweco. Kandodo kakang'ono kosagunda pansi kanafala pambuyo pace, ndipo Felix Mendelssohn ndi mmodzi wa amene anakakometsa pamene anayamba kutsogolera okesitira ya ku Leipzig mu 1835. Asilikari naonso anali ndi mwini ndodo wao, woyenda patsogolo pa oliza malipenga ndi ng'oma pa perete. Ili ndilo khomo limene ndodoyo inalowera m'dziko lathu.

Mu 1902 asilikari a dziko lino anakhala mbali ya King's African Rifles, ndipo malo ao aakulu anali ku Zomba. Koma anthu ambiri a ku midzi sanaone perete kufikira nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo amati ya Ciwaya. Boma linatenga amuna pafupifupi 200,000 kukasenza akatundu monga atengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi nthenda. Otsalawo anabwera ndi zimene maso ao anaona: mizere yoongoka, kulira kwa lipenga m'mamawa, ndi munthu mmodzi wolamula mapazi a anthu ambiri. Anakumananso ndi gule wa Beni, amene anayambira m'mizinda ya kugombe monga Mombasa ndi Lamu ca m'ma 1890, monga Terence Ranger analongosolera m'buku lace la mu 1975. Kwa Ayao guleyo anasunga dzina la Beni. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay anaphuka Malipenga. Kwa Acewa ndi Atumbuka, Mganda.

Gulu la Mganda amati boma, ndipo maina a maudindo anabwerekedwa kwa Azungu: kingi, kaputeni, dokotala. Koma amene tifuna kumuyang'anitsitsa ndiye woima patsogolo pa mizere, wezulo pakamwa, kandodo m'manja. Udindo umenewu munthu salowa cifukwa ca mbumba kapena cuma. Mnyamata ayamba kumbuyo kwa mzere, akuponda molakwa, anzace akumseka. Pambuyo pace aphunzira kuliza badza, ndiye cipanda coboola kumene amamatapo kansalu koyera kamene kangaude asungiramo mazira; munthu akaimbiramo mau ace amatuluka onjenjemera ngati a lipenga. Pakapita zaka, akaoneka kuti khutu lace silinama ndipo asunga masitepe onse m'mutu, anzace amamkankhira kutsogolo. Akalephera tsiku la mpikisano, boma la mudzi wina litabwera kudzaceza ndipo akazi akuonerera, sadzaimanso pamenepo.

Nchito yace yaikulu siioneka pa bwalo ai. Icitika madzulo, sabata ndi sabata, pamene aphunzitsa amuna olema ndi khasu kuti akweze mwendo nthawi imodzi, asankha nyimbo yotsatana ndi inzace, ndi kudzudzula wobwera ndi kabudula wakuda. Mtsogoleri wa okesitira acita cimodzimodzi: khamu liona kandodo usiku umodzi, koma nyimboyo inapsa kale m'masiku a kukonzekera. Kusiyana kwao kulipo, ndipo nkoyenera kukuzindikira. Wa ku Ulaya ali ndi buku lolembedwamo mau a coimbira ciri conse, afulatira oonerera, ndipo woliza ng'oma amvera iye. Wa Mganda alibe buku. Avina pamodzi ndi anthu ace pamaso pa onse, ndipo ayenera kumvana ndi ng'oma yaikulu, pakuti wezulo ukalira posayenera mzere wonse usokonezeka. Mwa kuona kwanga nchito yaciwiriyi si yocepa kuposa yoyambayo.

Alipo ophunzira ena amene amati Mganda ndi kutsanzira Azungu cabe. Zobvala zoyera, masokosi aatali ndi maudindo aja ndi za Azungu, inde. Nanga kugunda kwa ng'oma, kuyankhana kwa mtsogoleri ndi gulu, ndi nyimbo za Cicewa zonena nkhani za m'mudzi, zinacokera ku perete uti? Amuna amene anasenzetsedwa katundu mokakamizidwa anatenga zizindikiro za owalamula aja nazisandutsa cuma ca mudzi, nadzisankhira okha mwini ndodo. Mphunzitsi amene abvutika kuimbitsa ana 60 nyimbo imodzi, namayesa kuti nzeru yace ipezeka m'mabuku a kunja mokha, angacite bwino kukhala madzulo awiri pafupi ndi munthu ameneyu.

Hugh Tracey anayenda m'dziko lino mu 1950 ndi mu 1958 najambula nyimbo za mitundu yambiri, za Malipenga ndi za Mganda zomwe. Zojambulazo zisungidwa ku International Library of African Music, imene iye anayambitsa mu 1954, ndipo kuyambira 1978 iri ku Rhodes University ku South Africa.